Benchi la a Mbewe ku Lang'ata

Esinati anandiimbira foni kuti chaka chakwana chimwalirireni bambo ake, ndipo akufuna tikapemphere komaliza m'nyumba ya ku Lang'ata ija asanasamukire ku Ruaka. Nditaika foni pansi ndinayesa kukumbukira nkhope ya a Mbewe, koma chimene chinabwera m'maso mwanga ndi benchi. Sindikuchita nazo manyazi. Funsani Mmalawi aliyense amene anakhalako mu Nairobi zaka zimenezo, ayamba wakuuzani za benchi asanatchule dzina la mwini wake.

Linali thabwa lopanda penti, lofika m'mawondo, ndipo linkakhala chopingasa pakhomo lolowera, kuchokera kukhoma ili mpaka kukhoma ilo. Panalibe polambalala. Ukaodira n'kuyankhidwa, unkakhala pa benchipo nkhope ili kunja, n'kuvula nsapato, n'kuzisiya komweko. Kenako unkanyamula miyendo yonse iwiri n'kutembenuka, mapazi n'kukatera m'mapatapata amene ankadikira mkati. Kunjako a Mbewe ankakutcha mbali ya fumbi, mkati mbali yoyera, ndipo phazi lovula likagunda pansi kumbali ya fumbi ankakuyambitsanso. Abusa anadutsa pamenepo. Ansembe anadutsa pamenepo atakwinya mkanjo. Azimayi a zitenje zothina tinkadutsa tikung'ung'udza chamumtima, eni nyumba ataima poteropo manja kumbuyo, akuyang'ana mapazi athu osati nkhope. Kumbali tinkawatcha a Malire. Ankadziwa, ndipo ndikukhulupirira kuti dzinalo linkawakomera.

Dzina lawo anali a Yotamu Mbewe, kwawo ku Ntcheu. Ife amene tinabwera m'zaka za m'ma 90, ena kudzagwira ntchito m'mabungwe ndi m'mipingo, ena kudzaphunzira, tinawapeza atakhalitsa kale, tsitsi lili mbuu. Anali atapuma pa ntchito yoyendera zipatala za mishoni, kumene ankayeza makina a ekisire kuti aone ngati sakutaya cheza, mphamvu yosaoneka ija imene imajambula mafupa koma ikachuluka imawononga thupi. Akazi awo anali atamwalira. Ankakhala ndi mwana wawo wotsiriza, Esinati, amene mwamuna wake ankagwira ntchito kumpoto kwa dzikolo n'kumabwera mwa apo ndi apo. Chiswahili ankachidziwa bwino koma ankachisunga ngati suti, ankachitulutsa pokhapokha akamakangana ndi makondakitala a maminibasi amene kumeneko amawatcha matatu. Ndege zazing'ono za pa bwalo la Wilson zikamadutsa pamwamba pa denga ankasiya mawu pakati, n'kudikira, n'kupitiriza pomwe analekezera.

Tsache louma linali loletsedwa m'nyumba mwawo. Ankati kusesa n'kungosamutsa fumbi kuchoka pansi pamene ukuliona kupita m'mapapo mmene sungalitsatire. Pansi ankakolopa ndi sanza yonyowa, kuyambira kuchipinda kulowera kukhomo, osabwereranso m'mbuyo. Jekete ankalivula molisenda, kunja kwake n'kupindikira mkati, ndipo ukalikutumula pamaso pawo unkaona nkhope ikusintha. Atsikana antchito sankakhalitsa. Mmodzi anandiuza pachipata, katundu ali pamutu, kuti mzee, kutanthauza mkuluyo, si woipa, koma amafuna munthu azikolopa ngati akupepesa pansi.

Kukangana kwawo ndi mayi Chirwa kunayambira pa beseni. Mayi Chirwa anali wapampando wa azimayi achimalawi, mphunzitsi wamkulu wopuma, munthu amene maliro kapena ukwati sizinkayenda iye asanafike. Tsiku lina titasonkhana kukumbukira ufulu wa dziko lathu, anagwada yekha ndi beseni la madzi pamaso pa a Mbewe, poti ndiwo anali akulu mwa tonse. Iwo anabweza manja n'kupempha jagi kuti awathirire. Ananena mokweza ndithu kuti mwambo wa beseni limodzi anaukonza ndi akuluakulu chifukwa iwo ndi amene amasamba madzi oyera, ana n'kumasamba litsiro la mudzi wonse. Ophunzira anaseka. Mayi Chirwa anadzuka ndi beseni lake, ndipo kuyambira pamenepo awiriwa ankapatsana moni ngati anthu olimbirana malire a munda.

Zonsezi zinali ndi kochokera, ngakhale ankazifotokoza monyinyirika. Ali mnyamata ankathandiza m'chipinda cha ekisire pa chipatala china kwathu, azungu n'kuwatumiza ku Mangalande kukaphunzira. Kumeneko anawaika m'gulu la oyeza cheza limene linapita ku chilumba china pakati pa nyanja yaikulu, kumene asilikali ankayesa mabomba a nyukiliya. Dzina la chilumbacho sankalitchula. Ankati analumbira kuti sadzanena, ndipo ngakhale amene anawalumbiritsa anafa kalekale, pakamwa polumbirapo pakadali pawo.

Anyamata a ku yunivesite ankafuna kumva za kuphulika, kuti kuwalako kunali kotani, kaya nthaka inagwedezeka. A Mbewe ankawagwetsa mphwayi. Ankati anauzidwa kufulatira n'kuphimba kumaso, ndipo anamvera, choncho alibe choti anene. Bomba ndi kanthawi kochepa, ankatero, ntchito ndi fumbi. Yawo inkayamba utsi ukabalalika. Anthu otumidwa kukatola zida kufupi ndi pamene paphulika ankabwerera kudzera mu tenti yaitali, ndipo pakati pa tentiyo panali benchi. Asanadutse, munthu ankavula chilichonse n'kuponya mu mgolo. A Mbewe ankamuyendetsa kabokosi kolira ngati nkhululu kuyambira kutsitsi mpaka kuzikhadabo. Kakalira mofulumira, munthuyo ankabwerera kukasamba, kuyambira kumutu kutsika m'munsi, osadzikhula mwamphamvu, poti khungu likang'ambika ndiye kuti fumbi lapeza khomo. Kakalirabe, ankametedwa mpala. Kudya, kusuta, ngakhale kunyambita milomo kumbali ya fumbi unali mlandu.

Apa pokha ndi pamene ankamwetulira. Ankati pa benchi limenelo ndi pamene anaona koyamba mzungu wa nyota paphewa ali chibadwire, akudikira Mnyasa amuuze kuti dutsani. Nkhululu ija sinkadziwa udindo wa munthu.

Nawonso sinawasiye. Pochoka ku Ntcheu bambo awo anawaveka chipewa chimene anabwera nacho ku Joni, chinthu chokhacho chamtengo m'nyumba yonse. Tsiku lina mphepo inatembenuka iwo ali panja ndi chipewacho kumutu, ndipo atachiyeza chinalira. Anachipukuta, anachichapa, chinalirabe. Panalibe wowayang'ana, woyeza anali iwo omwe, akanatha kuchipanira m'khwapa n'kudutsa nacho. Anachiponya mu mgolo ndi dzanja lawo. Bambo awo anamwalira iwo asanabwerere kumudzi. Nkhaniyi anandiuza kamodzi kokha, ndipo sanaikometse. Anangoti chimene chapita kumbali ya fumbi sichibwerera, ngakhale chikhale cha bambo ako. Nditawayamikira kuti anapulumutsa anthu ambiri, anapukusa mutu. Anati iwo ankayeza okhawo amene ankadutsa pa benchi, koma mphepo sinkadutsa pa benchi, ndipo eni chilumba ankadyabe nsomba zawo.

Chimene chinawachotsa pakati pathu kwa zaka chinachitika Loweruka lina masana, ine ndili pomwepo.

Esinati anali ndi chithokomiro chimene chinkamuwondetsa n'kumamuthamangitsa mtima. Mwana wake Dalitso atasiya kuyamwa, madokotala anamupatsa mankhwala a cheza, kakapisozi kamodzi kamene kamakapha nthendayo m'khosi momwemo. Anamuchenjeza kuti kwa masiku angapo chezacho chidzakhala chikutuluka m'thukuta, m'malovu ndi m'mkodzo. Agone yekha, adyere mbale yake, zovala azichapa payekha, ndipo koposa zonse asayandikane ndi ana kapena amayi oyembekezera. Dalitso anakamusiya kwa azakhali ake. Ife zonsezi sitinkazidziwa, tinangomva kuti Esinati watuluka m'chipatala.

Kwathu wodwala sazondedwa pawindo. Timalowa, timakhala pa bedi pomwepo mothithikana, timamugwira pachipumi, timalawa phala ndi supuni yake kuti naye alimbe mtima adye. Ndipo pamatsala mmodzi womudwazika, wogona naye, womusambitsa ndi kumuchapira. Mayi Chirwa anasankha ine. Anati Nangondo ndiye alibe womulirira kunyumba, ndipo sananene mwachipongwe, zinali zoona mmene aliyense ankazionera. Chimene sankadziwa n'chakuti ndinali ndi pakati pa miyezi yochepa. Mimba ziwiri zinali zitapita padera m'mbuyomo, ndipo yachitatuyi ankaidziwa ndi amuna anga okha. Kwathu mimba siilengezedwa, imadzilengeza yokha nthawi yake ikakwana, ndipo ine amene ndinali nditalira kawiri ndinkaopa kuitchula ngakhale m'pemphero. Ndinalongedza zitenje ndi mswachi, n'kukwera matatu ku Pangani limodzi ndi anzanga, mabakuli a chakudya ali pamiyendo.

Tinawapeza a Mbewe atakhala pa benchi nkhope ili kunja, atamanga tayi. Anatipatsa moni mmodzimmodzi, mwaulemu wonse, n'kuthokoza. Kenako analoza tebulo limene anali atatulutsa pabwalo, nati chakudya tiike pamenepo, Esinati atibayibitsa pawindo, koma lero palibe wolowa. Mayi Chirwa anawakumbutsa kuti chithokomiro sichipatsirana, iye azakhali ake anakhala nacho mpaka kukalamba akudya mbale imodzi ndi ana. A Mbewe anavomera, nati vuto si nthenda koma mankhwala, ndipo anafotokoza bwinobwino za thukuta ndi malovu. Azimayi anayang'anana. Mankhwala ochiza uyu n'kupweteka woyandikana naye, zinkamveka ngati za a Malire zomwe zija, za tsache ndi beseni. Pomaliza a Mbewe anati wamkulu wathanzi sangaone kanthu, koma choopsa chili pa ana ndi amayi oyembekezera, makamaka wogona naye chipinda chimodzi.

"Ana tawasiya kunyumba," anatero mayi Chirwa. Anatembenuka n'kutiyang'ana tonse. "Nanga woyembekezera alipo pano? Anene."

Pamenepo m'pamene ndinazindikira kumene ndinkapita ndi chikwama changa. Kunena pagulu, pabwalo, pamaso pa mwamuna, chinthu chimene ndinkaopa kuchinong'oneza Mulungu, lilime linakana. Kulowa nakonso sindikanatha. Ndege inadutsa pamwamba, tonse tinadikira phokoso lithe, ndipo litatha palibe amene anadziulula. A Mbewe ankayang'ana mapazi athu monga mwa nthawi zonse, kuyambira kumanzere kupita kumanja. Anga anawadumpha.

"Mwaonatu, palibe," anatero mayi Chirwa. "Ndiye Nangondo alowe akasiye katundu, enafe tipemphere pabalaza tizipita."

A Mbewe sanasunthe. "Ngati palibe, ndiye kuti chifukwa chake ndine, mayi. Nyumba ino ndi yanga, ndipo lero sindikufuna alendo."

Amene sanakulire kwathu sangamvetse kulemera kwa mawu amenewo. Kubweza anthu odzazonda matenda, chakudya chili m'manja, amachita ndi munthu amene ali ndi chobisa m'nyumba. Mayi Chirwa anaika bakuli lake patebulo pang'onopang'ono. Sanakweze mawu.

"Bambo Mbewe, kuno n'kuchilendo, abale anu ndi ifeyo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku mudzagone inu, lidzakuzondani ndi benchi lanulo."

"Ndamva, mayi," anatero, n'kutiperekeza ndi maso mpaka pachipata.

Mwana wawo anamudwazika okha. Bambo wa imvi ankaphika phala n'kulisiya pakhomo la chipinda, n'kubwerera m'mbuyo, n'kumacheza naye ali pampando kukhonde la mkati. Mbale zake ankazitsuka pazokha atavala magolovesi. Esinati anachira, ananenepa, Dalitso anabwerera kwa mayi ake. Koma mbiri inali itawanda kale kuchokera ku Lang'ata mpaka ku Pangani. Ena ankati a Malire anatsekera mwana m'chipinda ngati wakhate. Ena, otsitsa mawu, ankati munthu sangabwere chimanjamanja kuchokera ku chilumba chimene safuna kuchitchula dzina. Azibambo amene ankapita kukasewera nawo bawo anayamba kutanganidwa. Misonkhano inkachitika iwo n'kumva itatha. Esinati anayesa kufotokoza, koma anthu ankati mwana aikira kumbuyo bambo ake, nanga atani.

Zinawapweteka, musanamizidwe. Munthu wokalamba ali kudziko la eni amaganiza za tsiku lake, za amene adzagone pa siwa, amene adzaimbe m'chilankhulo chake, amene adzanyamule bokosi kupita nalo ku bwalo la ndege. A Mbewe ankadziwa kuti anthu amenewo ndi omwe aja anawabweza pabwalo. Mapatapata ankawatsukabe Loweruka lililonse n'kuwandanda mkati mwa benchi, awiriawiri, ngakhale panalibe wowavala.

Mwana wanga Tadala atabadwa, wamoyo, wolira mokweza, ulendo wake woyamba kutuluka m'nyumba unali wa ku Lang'ata. Nditakhala pa benchi ndinasowa pomuika kuti ndivule nsapato. A Mbewe anapita kukasamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kubwera kudzamulandira pamwamba pa thabwalo. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji. Anati pa ntchito ya ekisire lamulo ndi kufunsa mayi aliyense ngati ali ndi pakati asanamujambule, koma ndi mayi uti wa kwathu angauze mwamuna wachilendo zimenezo? Choncho anaphunzira kuona okha, mmene munthu akukhalira pampando, kumene dzanja likupita akadzidzimuka. Anandikumbutsa kuti Lamlungu lina izi zisanachitike ndinathawa kukhitchini kwawo Esinati akukazinga nsomba, n'kukana tiyi wamkaka amene ndinkamukonda. Ndinafunsanso kuti bwanji sananene, anthu akanawamvetsa pomwepo.

"Sinali nkhani yanga, mwanangu," anatero. "Chimene chili kumbali yoyera sitichitulutsa panja kuti tipambane mkangano."

Ndinalira pa benchi pomwepo, phazi lina lili ndi nsapato. Mpaka lero ndikamva anthu akutchula amuna olimba mtima, ine ndimaona nkhalamba ya tayi itakhala pa thabwa, ikulola kutchedwa wankhanza kuti mkazi wa eni asachite manyazi. Ndimawanyadira, ndipo ndimanyadira kuti anali wa kwathu.

Ndinapita kwa mayi Chirwa kukafotokoza. Anandidula pakati, nati miyezi amadziwa kuwerenga, anazindikira mimba itangoonekera. Koma a Mbewe akanatha kumuitanira pambali n'kumutsina khutu, m'malo momuyalutsa pamaso pa azimayi amene iye amawatsogolera. Kunena zoona, mfundoyo inali ndi mutu. Nditakaitula ku Lang'ata, a Mbewe anati kutsina khutu la mayi Chirwa n'chimodzimodzi kuliza belu la tchalitchi. Imeneyonso inali ndi mutu, ndipo sindinaibweze kwa mwini wake. Ena onse anabwerera pang'onopang'ono, oyamba anali a bawo aja, kenako ophunzira atsopano amene za Loweruka lija sankazidziwa. Palibe anapepesa, kwathu timapepesa ndi miyendo. Mayi Chirwa yekha sanapondeko, ndipo a Mbewe sanatume munthu. Onse awiri anali ndi makani, zaka zinadutsa choncho.

Anayamba kudwala m'zaka za m'ma 2000, nthenda ya m'magazi yowafoola pang'onopang'ono. Anyamata ena ophunzira ankawakakamiza kuti anene kuti n'chifukwa cha chilumba chija, nkhani ipite m'nyuzipepala. Anakana. Anati mwina ndi chilumba, mwina ndi makina a m'zipatala, mwina ndi ukalamba chabe, ndipo chimene sanachiyeze sanganene kuti chalira. Anauza Esinati kuti awaikire mpando pabalaza poonekera khomo. Maso anali atafooka, nkhope sankaziona bwino, koma nsapato zimene zinkavulidwa kuseri kwa benchi ankazizindikira, ndipo ankatchula dzina la mlendo asanatembenuke. Anthu ankabwera, sindinganame. Komabe madzulo alendo akapita ankafunsa Esinati mozungulira ngati mawondo a mayi Chirwa akuvutabe, ngati matatu a kumene amakhala akufikabe ku tauni. Mawu a pabwalo aja anali asanachoke mumtima mwawo.

Anabwera tsiku la pakati pa sabata, dzuwa lili pamutu, ine ndikuthandiza Esinati kuchapa. Tinamva odi wa mawu amene tonse tinkawadziwa. Mayi Chirwa anali atakalamba, akuyenda ndi ndodo, mawondo otupa, kudzanja linalo atanyamula bakuli. Anaima pamaso pa benchi n'kuliyang'ana. Aliyense ankaona kuti miyendo imeneyo singakwere pamenepo. Ndipo ndinamva chimene sindinayembekezere kudzamva m'moyo wanga. A Mbewe anauza Esinati kuti achotse benchi, mayi alowe.

"Lisiyeni pomwepo," anatero mayi Chirwa. "Ndabwera kudzadutsa."

Anakhala pa thabwalo movutikira, nkhope ili kunja. Ndinamuvula nsapato, ndipo ine ndi Esinati tinanyamula mwendo wina ine, wina iye, mpaka mapazi anatera m'mapatapata. Anakhala pafupi ndi mpando wawo akupuma mwabefu. Anafunsana mmene adzukira, mmene ana alili, ngati anthu amene anaonana dzulo. Kenako mayi Chirwa anati, "Komabe mukanatha kunditsina khutu."

"Mukanasunga?"

Mayi Chirwa anaganiza kaye, poti sanali munthu wonama. "Ayi," anatero.

Anaseka onse awiri mpaka a Mbewe anatsamwa. Phala la m'bakuli lija anamwa lonse, iwo amene kwa masiku anali akukana chakudya. Kuchokera tsiku limenelo mayi Chirwa ankabwera kawirikawiri, ndipo atamwalira ndi iye anayendetsa maliro, anagawa ogona pa siwa, anayambitsa nyimbo, anakalipira azibambo ochedwa. Sindinaone Amalawi ochuluka chotero mu Nairobi ngati tsiku limene tinaperekeza bokosi lawo ku bwalo la ndege, ulendo wa ku Ntcheu. Nsapato zinadzaza bwalo mpaka pachipata.

Benchi linachoka tsiku lomwelo, poti bokosi silikanadutsa pamwamba pake. Azibambo analitulutsa panja, olira n'kukhalapo. Mwambo utatha wina anafuna kulibweza, koma Esinati anamuletsa. Anati lamulo la bambo ake tonse tikulidziwa, chimene chapita kumbali ya fumbi sichibwerera. Linakhala pabwalo mpaka askari, mlonda wa pachipata, analipempha.

Loweruka lapitali tinapita kukapemphera monga anatipempha Esinati. Katundu anali atamangidwa kale m'makatoni, makoma ali mbee, mpando wa pabalaza kulibe. Khomo linali pululu, lalikulu kuposa mmene ndinkalikumbukirira. Ndinaona anthu akufika, aliyense akuima pomwe paja, kuyang'ana pokhala, n'kupeza palibe. Ankavula nsapato choimirira atagwira khoma, kenako n'kutambasula mwendo kulumpha. Mayi Chirwa anafika komalizira atatsamira phewa la Tadala, amene tsopano akundifika m'khutu. Anamupatsa ndodo, n'kukwinya chitenje, n'kukweza bondo lotupa lija mmwamba ndithu, pamwamba pa thabwa limene kulibe.

Pansi pakhomopo patsala zipsera zinayi pamene panali miyendo ya benchi. Pakati pake simenti ikadali yofiira ngati yothira dzulo, chifukwa zaka zonse zija palibe phazi linapondapo. Tinaimba, tinapemphera, tinadya, tinatsanzikana. Mpaka wotsiriza kutuluka anatseka chitseko, panali pasanapondedwe.